Thandizo akuluakulu: hedi ya besi ya 4 ohms, mabokosi awiri osiyana, ndilumikize onse?

wabesi_wa_Chilomoni

Moni nonse abale anga oimba. Ine ndimaimba besi mu praise team ya kutchalitchi kwathu ndipo ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Achimwene anga omwe ali ku Joni anditumizira hedi (ampu ya besi yopanda sipika) ya Hartke HA3500, ndi ya sekondi handi koma ili bwinobwino, yafika pa basi Lachiwiri lapitali ndipo nditatsegula katoni misozi inalengeza chifukwa zaka zitatu ndakhala ndikuimbira ka combo kakang'ono (ampu ndi sipika mu bokosi limodzi) komwe ng'oma zikangoyamba basi sikamvekanso, umangoona zala zikuyenda. Anatumizanso kabuku kake, mwalembedwa kuti imatulutsa 350 watts pa 4 ohms, pa 8 ohms ndi 240 watts, ndipo kumbuyo kuli mabowo awiri a sipika.

Nde kutchalitchi tili ndi mabokosi awiri. Loyamba lili ndi masipika anayi a mainchesi 10, kumbuyo kwake kuli kachitsulo kolembedwa 8 ohms 400 watts. Lachiwiri ndi la sipika imodzi ya mainchesi 15, bokosilo anachita kukhoma kalipentala konkuno ndipo sipika yake inawayindidwapo kamodzi, wina analemba ndi maka kumbuyo kuti 4 ohm 1000W.

Sabata ya mawa tili ndi msonkhano wapanja pa bwalo la mpira ndipo ndimafuna ndilumikize onse awiri kuti besi ifike kumbuyo. Wa kiyibodi wathu akuti palibe vuto, 8 kuphatikiza 4 ndi 12, nde tili pamwamba pa 4. Wa ng'oma akuti ayi ampu ipsa chifukwa mabokosi onse pamodzi ndi 1400 watts pamene iyo ndi 350 yokha, akuti aikoka mpaka kuitsiriza. Chomwe chikundiopsa ndi choti ampu yakale ya mpingo inapsa chaka chatha ili pa mabokosi omwewa, tinali pakati pa nyimbo yopembedza kenako kunangomveka fungo ngati pulasitiki pamoto, kuzima. Ndalama yake anasonkha ndi amayi a mumpingo, mpaka lero ndikamawaona ndimamva chisoni. Iyiyi ndi thukuta la mbale wanga, sindikufuna ife choncho. Woona ndi ndani pa awiriwa? Ndithandizeni chonde.

Mkulu_wa_Mawaya

Aphwanga musalumikize onse awiri pa hedi imeneyo, ngakhale kungoyesa kwa mphindi zisanu musatero. Ndipo mmene mwalongosoleramu ine ndikuona kuti ampu yakale ija inafa ndi kalumikizidwe komweka.

Anzanu onse awiri aphonya, koma wa kiyibodi ndi amene angakuphetseni ampu. Masamu ake akanagwira zikanakhala kuti mabokosi alumikizidwa mondondozana, moto kutuluka mu loyamba nkulowa mu lachiwiri ngati mikanda pa ulusi, ija timati series. Koma mabowo awiri a kumbuyo kwa hedi aja mkatimo ndi njira imodzi yomweyo yangogawika pawiri, ndi parallel imeneyo, ndipo ngakhale mutachoka pa hedi kupita pa bokosi loyamba nkutenga waya wina kuchoka pa bowo lachiwiri la bokosilo kupita pa linzake, pa mabokosi ambiri ndi parallel yomweyo. Pa parallel ma ohm sakwera, amatsika. Ma ohm muziwaona ngati kuthina kwa paipi, nambala ikakhala yaikulu paipi ndi yothina madzi akudutsa ochepa, ikachepa paipi yakula. Mukaika bokosi lachiwiri mwatsegula mpopi wina pambali, nde pampu yomwe ndi ampu yanuyo ikuyenera kukankha madzi ambiri kuposa kale.

Kawerengedwe kake ka mabokosi awiri nkosavuta. Chulukitsani manambala awiriwo kenako gawani ndi zimene mwapeza mutawaphatikiza. 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, 8 kuphatikiza 4 ndi 12, 32 kugawa ndi 12 tikupeza 2.67 ohms. Hedi yanu malire ake ndi 4. Awiri a 8 amapereka 4, apo zili bwino, ndi chifukwa chake anaika mabowo awiri. Awiri a 4 amapereka 2. Atatu a 8 amapereka 2.67 yomweyo.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, ampu ikamatulutsa 350 watts pa 4 ohms ndiye kuti pa wayapo pali ma volt pafupifupi 37 ndipo moto ukuyenda ndi ma ampere 9 ndi kanthu. Ma volt omwewo mukawaika pa 2.67 ohms bokosi likupempha ma ampere 14. Moto wonsewo ukudutsa mu ma transistor a kumapeto aja omangiriridwa pa chitsulo choziziritsa. Ikakhala ndi mwayi imangodzizimitsa yokha ikatentha, mudikire izizire, ikapanda mwayi ma transistor amachita shoti ndipo nthawi zina amapita limodzi ndi sipika. Pa benchi panga pano zimabwera zambiri zotere makamaka Lolemba, pambuyo pa maukwati ndi ma crusade, ukafunsa kuti munalumikiza mabokosi angati amati atatu okha bwana. Chimapusitsa anthu ndi choti mukamayesa motsitsa mu tchalitchi chopanda anthu imalira bwinobwino, imadzafa pa ola lachiwiri dzuwa likuswa mtengo volume ili mmwamba.

Za wa ng'oma uja, sipika sikoka ma watts. Nambala ya ma watts pa bokosi ikungonena kuti lingapirire moto wochuluka bwanji lisanapse, basi. Bokosi la 1000 watts mutha kuliimbira ndi ampu ya 50 watts chaka chonse, ampu siidziwa nkomwe. Chomwe ampu imamva ndi ma ohm.

China, ngakhale hedi yanu ikanakhala yolola 2 ohms, mabokosi osiyana chonchi sagawana moto mofanana. La 4 ohms limatenga magawo awiri mwa atatu, la 8 limatenga gawo limodzi. Ndiye kuti sipika imodzi yowayindidwa ija ikanasenza katundu wambiri pamene masipika anayi akugawana kotsalako, zomwe ndi zosemphana ndi mmene zikuyenera kukhalira.

Ndipo zolembedwa ndi maka musazikhulupirire. Sipika ikawayindidwa, ma ohm ake amatengera waya amene wowayindayo anali naye tsiku limenelo ndi mmene anazunguliza, ndaonapo yolembedwa 8 koma pa mita ikuwerenga ngati ya 4. Bwerekani mita, ikani pa ohms pa nambala yotsikitsitsa, yambani mwagunditsa timawaya take tiwiri kuti muone kuti tokha tikuwerenga bwanji, kenako yezani pa jeki ya bokosi lisanalumikizidwe ku china chilichonse. Musadabwe ikawerenga motsikirapo, bokosi la 8 ohms limawerenga cha mma 5.5 mpaka 7, la 4 ohms cha mma 3, chifukwa mita ikuyeza ndi moto wa batire pamene nyimbo ndi moto wosinthasintha. Mubwere nazo nambalazo pano.

besi_ku_Leeds

Zomwe anena akuluwa ndi zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera mbali ya ma watts chifukwa ndikudziwa chikukuwawani amwene ndi chani, mukuona ngati mukaimbira bokosi la 8 lokha ndiye kuti 110 watts yatayika. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma khutu silimva ma watts mmene timawerengera ndalama. Ma watts mukawachulukitsa kawiri phokoso limakwera ndi 3 dB yokha (dB ndi muyeso wa kukwera kwa phokoso), kamene ndi kakusintha koti umamva koma kakang'ono, ndipo kuti munthu anene kuti eya tsopano yakwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB yomwe ndi ma watts kuchulukitsa ka 10. Nde pakati pa 240 ndi 350 pali 1.6 dB basi, ng'oma zikamalira simungaizindikire.

Chomwe chimakweza besi kwenikweni ndi kuchuluka kwa masipika amene akukankha mpweya. Masipika anayi a 10 kukula kwake mukaphatikiza amaposa sipika imodzi ya 15, nde pa awiri muli nawowo ine ndingasankhe la 4x10 pa 240 watts osayang'ananso kumbuyo, bokosi la 400 watts pa ampu ya 240 ndi ukwati wabwino kwambiri, ndipo ampu pa 8 ohms imagwira ntchito mozizira zomwe kwa kwathu kotenthako ndi phindu lalikulu. Mukadzapeza ndalama mudzagule kapena kukhomesa bokosi lina la 8 ohms, makamaka lofanana ndi lomwe muli nalolo, apo mudzakhala pa 4 ohms ndendende, 350 watts yonse ituluke komanso masipika akhale 8, kusintha kwake mudzakumva pachifuwa.

Ine kuno ndimaimbira Markbass Little Mark III, imapereka 500 watts pa 4 ohms ndi 300 pa 8, malire ake ndi 4 yomweyo ngati yanu, nde mabokosi anga onse awiri ndinagula a 8 dala. Mahedi ambiri a besi ndi otero. Olola 2 ohms alipo koma ndi ochepa, monga Mesa Subway D-800 ili ndi kaswitchi kumbuyo kosankhira 2 ohms. Musamangoganiza, muziwerenga kabuku kapena kumbuyo kwa hedi.

Chinanso chimene anthu sachilabadira ndi waya. Waya wa gitala ndi waya wa sipika kunja amafanana, jeki yomweyo, koma mkati ndi zinthu ziwiri. Wa gitala uli ndi kawaya kamodzi kowonda ngati tsitsi pakati ndi ukonde wozungulira, anaupangira moto wochepetsetsa wochoka mu besi. Mukaudutsitsa ma ampere 9 aja umatentha, pulasitiki yamkati ikasungunuka nkugundana ndiye shoti yolunjika pa ampu. Wa sipika ndi mawaya awiri onenepa oyendera limodzi. Mukasowa wogula, fulekisi wa magetsi wa mawaya awiri wonenepa bwino ndi majeki abwino awiri zimagwira ntchito, ukhale waufupi. Ndipo poti ndi jeki osati speakON (pulagi ya sipika yomwe umapotokola nkukhoma), muzilumikiza ndi kuzula ampu ili yozima, jeki ikamalowa imatha kugunditsa mbali ziwiri.

Koma muonenso kumbuyo pafupi ndi polowera magetsi kuti palembedwa 230V, za ku Joni zambiri zimakhala choncho ngati kwathu ndi pulagi yokha yosiyana, koma sekondi handi ina imakhala inachokera ku America ya 120V.

DJ_wa_pa_Lunzu

Koma akuluakulu ine ndinaphunzitsidwa kuti ampu yaing'ono ndi imene imaotcha sipika, kuti ampu izikhala kawiri ma watts a bokosi. Nde apa 240 pa bokosi la 400 sakuliika pa ngozi? Wa ng'oma uja mwina anamva zomwezi koma anangozitembenuza. Komanso bwanji osangotsegula la 4x10 nkusintha mawaya mkati kuti likhale 4 ohms atenge 350 yonse?

Mkulu_wa_Mawaya

Aise wa pa Lunzu, mawu amenewo amayenda kwambiri koma anthu anawadula pakati. Kuchepa kwa ampu pakokha sikuotcha kanthu, bwenzi sipika iliyonse ikupsa tikatsitsa volume. Chimachitika ndi choti munthu ampu ikamuchepera amaikweza mpaka kumapeto, mawu amayamba kuphwanyika, ija timati clipping, nde pamenepo ampu ikutulutsa moto wambiri kuposa nambala yake komanso wodzadza ndi mawu akuthwa omwe amathamangira ku twita (kasipika kakang'ono ka mawu okwera), twita ndi imene imayamba kufa. Mlandu ndi wa dzanja lomwe lili pa volume. Za kawiri zija ndi za ma PA komwe kuli ma limiter oletsa mawu kupitirira malire ndi munthu wodziwa atakhala pa mikisa, si lamulo la besi.

Sipika ya besi imafa njira ziwiri. Ina ndi kutentha, koyilo imapsa chifukwa moto wachuluka kwa nthawi yaitali, ndipo nambala ya ma watts yotchedwa RMS, ya moto womwe sipika ingapirire nthawi yaitali, ikunena za imfa imeneyi. Ina ndi kukankhidwa mopitirira, pepala limatuluka ndi kulowa kuposa mmene analipangira mpaka koyilo kumenya kumbuyo kapena pepala kung'ambika, ndipo izi zimachitika pa manotsi otsika ngakhale ma watts asanafike pa nambala yolembedwa. Chingwe cha E chili pa 41 Hz, wa zingwe 5 B wake ali pa 31 Hz, kumeneko pepala limayenda mtunda wautali. Hedi ya aphwangawa ili ndi ma slider 10 a EQ okwezera kapena kutsitsira mawu apansi, apakati ndi okwera, ndipo anyamata ambiri amakonda kukankhira mmwamba a kumanzere aja kuti pansi pagwedezeke, osadziwa kuti kukweza ndi 6 dB kukupempha ma watts kuchulukitsa kanayi pa manotsi amenewo. Panja palibe makoma okuthandizani, nde mukamva bokosi likuyamba kuchita phwa phwa ngati nsalu ikukupizidwa ndi mphepo, tsitsani ma slider a pansiwo mukweze pang'ono a pakati, besi imamveka patali ndi mawu apakati.

1000W ya maka ija mwina anakopera nambala ya peak (moto womwe sipika ingapirire kwa kamphindi chabe) pa maginito a sipika, yomwe kawirikawiri imakhala kanayi ka RMS, ndiye kuti mwina inali ya 250 isanawayindidwe.

Zosintha mawaya mkati sizitheka mmene mukuganizira. Ngati muli masipika anayi a 8 ohms, awiriawiri series kenako parallel amapereka 8, onse parallel amapereka 2, onse series 32. Palibe njira yofikira pa 4 onse anayi akugwira ntchito mofanana. Ngati ndi a 32 ohms onse parallel, 8 imeneyo ndiye yotsikitsitsa kale. Alisiye momwemo.

Madala_a_Bandi

Ana anga nkhani yakoma iyi, ndaiwerenga yonse. Ine ndinasiya kuimba mma hotela kalekale koma ndiikepo limodzi lokha poti wina adzawerenga pano ali ndi ampu ya mtundu wina nkutenga malangizo osakhala ake.

Zonse zanenedwazi ndi za ampu ya ma transistor. Imeneyo ma ohm akakwera siidandaula, 8 kaya 16 imangochepetsa mphamvu, ngakhale kuiyatsa popanda bokosi siipsa. Ya ma valve ndi nyama ina. Ili ndi thiransifoma kumapeto, ndipo bokosi liyenera kufanana ndi bowo kapena switchi yomwe mwasankha, 4 pa 4, 2 pa 2. Mukaiyatsa nkuimba popanda bokosi, kapena waya wa sipika utaduka mkati osadziwa, moto umasowa kopita umabwerera mu thiransifoma nkuiboola, ndipo thiransifoma yotero kuipeza kuno ndi ntchito. Ife tinkati usanakhudze switchi yang'ana kaye kumbuyo.

Mfumu ya zonsezi ndi Ampeg SVT yomwe inatuluka mu 1969, 300 watts, ma valve 6 akuluakulu a mphamvu, hedi yokha kunyamula anthu awiri. Bokosi lake la masipika 8 a mainchesi 10 ndi la 4 ohms, ndipo mmene anafikira pa 4 ndi masamu omwe akuphunzitsani a Mawaya aja, sipika iliyonse ndi ya 32 ohms zonse parallel, 32 kugawa ndi 8. Taonani kuti 300 watts ndi yochepa kuposa 350 ya mwana wathuyu, koma yakhala ikudzadza mabwalo akuluakulu zaka zonsezi chifukwa cha masipika 8 aja.

Mwana wanga wa ku Chilomoni, hedi yakoyo ukasuzumira uona ka valve kamodzi mkati usachite mantha, kameneko ndi ka preamp kongokometsera mawu, mphamvu yake ndi ya ma transistor, nde tsata za a Mawaya. Ndipo pa bwalopo ngati mukagwiritse jenereta, ilire kaye ikhazikike, ampu uyatse pomaliza ndipo uzimitse poyamba mafuta asanathe. Uyiike pamthunzi, kumbuyo ndi mmbali musatsekedwe ndi nsalu zokongoletsera zija amayi amakonda kuyala paliponse.

wabesi_wa_Chilomoni

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse, Mulungu akudalitseni, ndawerenga kawiri kawiri mpaka ndawaonetsa anzanga aja pa foni. Dzulo madzulo ndinabwereka mita kwa mnyamata wokonza mafoni ndinapita kutchalitchi ndisanadye nkomwe. Timawaya tokha tinawerenga 0.3, bokosi la 4x10 linawerenga 6.4, la 15 linawerenga 3.4, nde ndikachotsera ndi 6.1 ndi 3.1, kutanthauza kuti ndi 8 ndi 4 zoona monga munanenera bambo a Mawaya. Kumbuyo kwa hedi ndi 230V, pulagi ndasintha kale ndaika ya kwathu.

Koma ndapezanso zina ziwiri. Waya umene takhala tikulumikizira mabokosi zaka zonsezi nditamasula jeki ndapeza ndi wa gitala, kawaya kapakati kowonda ndipo pulasitiki yake yachita kuda ndi kulimba pafupi ndi jeki, thupi linachita tsemwe nditaona. Ndagula fulekisi mamita awiri ndi majeki, mawa akandiwotcherera.

Chachiwiri, mnyamata wa mita uja anandiuza kuti ndigunditse batire ya 9V pa jeki ndione ngati masipika onse akuyenda. Nditagunditsa, atatu anatuluka kutsogolo koma imodzi ya pansi kumanja inalowa mkati. Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi. Imeneyi ndi yakufa kapena? Ndipo la 15 lija ndiye lingokhala? Abusa afunsa kale kuti bwanji bokosi lalikulu silikupita ku bwalo.

Mkulu_wa_Mawaya

Si yakufa aphwanga, yakufa siyenda nkomwe. Imeneyo wina anatembenuza mawaya ake, mwina tsiku lina anaichotsa nkubwezera molakwika, nde anzake akamakankha mpweya iyo ikukoka, ikudya besi ya inzake imodzi, mwakhala mukumva ngati masipika awiri mmalo mwa anayi. Mwachita bwino kuyeza. Masulani sipika imeneyo yokha, sinthanitsani mawaya ake awiri, wa pa + upite pa − ndi wa pa − upite pa +, ena onse musawakhudze, kenako batire kachiwiri mongogunditsa osagwiritsitsa, + ya batire ikakhala kunsonga ya jeki onse anayi atuluke kutsogolo. Muyezenso ndi mita, iwerenge 6 yomwe ija. Pobwezera mumange masikuluwu onse mofanana kuti mpweya usatulukire mmbali.

La 15 litha kupita ku bwalo koma osati pa hedi yanu. Ngati ampu ya PA ya mpingo ili ndi tchanelo chopanda ntchito ndipo kumbuyo palembedwa kuti chimalola 4 ohms, tengani besi kuchoka pa DI ya hedi (bowo lotulutsira mawu osadutsa ku sipika) kupita ku mikisa, bokosilo lidyere ku tchanelo chimenecho palokha, hedi yanu itsale ndi 4x10. Ampu ya PA ikhale pa stereo, isakhale pa bridge (pomwe matchanelo awiri amaphatikizidwa kukhala chimodzi), chifukwa pa bridge tchanelo chilichonse chimaona theka la ma ohm, bokosi la 4 limaoneka ngati 2. Naloso muliyese ndi batire kuti lizituluka kutsogolo ngati anzake, ndipo muliyambe motsitsa poti mphamvu yake yeniyeni ndi yochepa kuposa ya maka ija.

Musanazule waya uliwonse mkatimo jambulani kaye chithunzi, ndipo muone kumbuyo kwa maginito ngati palembedwa 8 kapena 32, mutumize pano tione limodzi Loweruka lisanafike.